Timu ya Kudenga

Ku Harlow Lake kuno palibe mwamuna amene anasewerapo hoke, masewero a pa ayezi omenya kampira ndi ndodo anthu atavala nsapato za mipeni kunsi, mu timu yathu ya Akhwangwala osadutsa m'manja mwa Stefania Holowaty. Makochi ankabwera ndi kupita, ena atathamangitsidwa ngati agalu akuba, osewera ankagulidwa ndi kugulitsidwa, koma wosoka manambala pamsana pa majuzi anali yemweyo kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali mayi wamfupi, wa manja akuluakulu osayenerana ndi thupi lake, ndipo singano ankaisunga pakamwa. Ukamupatsa moni ankayankhira m'mphuno.

Ntchitoyi anaiyamba mu 1931 ali mtsikana. Bambo ake anachokera ku Ukraine kudzakumba mkuwa mumgodi, ndipo mayi ake ndi amene anamuphunzitsa kupeta nsalu za patebulo ndi ulusi wofiira ndi wakuda. Chaka chimenecho nambala ya wosewera wina inathothoka masewero ali mkati n'kukola nsapato ya mnzake, mnzakeyo n'kuthyoka mkono. Akuluakulu a timu anafunsa m'tauni monse kuti ndani amasoka chinthu n'kukhaliratu, ndipo zala zonse zinaloza kwa mwana wamkazi wa wokumba mkuwa uja. Anamupatsa kachipinda pansi pa mipando ya owonerera, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera madzi, ndipo ndi momwe anakalambira.

Achinyamata a lero amaona ngati nambala ndi chinthu chongosankha ngati chipewa. Kalelo nambala inali bedi. Timu ikamapita kukasewera kutali, mabedi a m'sitima ankagawidwa motsata manambala. Goloboyi, amene thupi lake limakhala mikwingwirima yokhayokha, ankavala 1 ndipo bedi loyamba lapansi linali lake. Oteteza kumbuyo ankatenga 2 mpaka 6, akutsogolo n'kumakwera choncho, ndipo tianyamata tatsopano tinkapatsidwa 17 kapena 18 n'kumagona kumwamba, mphuno itagunda denga. Maulendo a sitima anatha, timu n'kuyamba kuyenda pa basi, koma ulemu wa manambala unatsala. Stefania ankawadula ndi sizasi popanda chojambulira, ndipo wosewera akangolowa pakhomo ankamuyang'ana mapewa n'kudziwiratu ngati nambalayo adzakhalitse nayo.

Pali mwambo umene matimu onse a hoke amausunga. Wosewera akatchuka kwambiri, kapena akafa anthu akumukondabe, nambala yake imapumitsidwa. Juzi yake imakwezedwa ndi chingwe kukapachikidwa kudenga la chinyumba chimene muli bwalo, pamwamba penipeni pa ayezi, ndipo palibenso amene amadzavala nambala imeneyo. Ife kuno tinali ouma manja pa ulemu umenewu: tinkakweza za akufa okha. Yoyamba inali 5, ya Einar Sollie, amene mwala unamugwera mumgodi mu 1933, poti nyengo yotentha osewera ankakagwira ntchito kumeneko. Kenako 8 ya Lucien Gauvreau, amene anapita kunkhondo osabwerako. Kenako 3, kenako 14, ndipo mu 1969 inakwera 11. Majuzi asanu akuda a manambala achikasu, onse osokedwa ndi Stefania.

Chaka chilichonse ayezi akasungunuka, majuziwo ankatsitsidwa kuti iye awachape, ndipo apa ndi pamene panagona chinsinsi chake. Juzi yopachikidwa imayenera kungotuwa ndi fumbi basi. Koma awa ankatsika atatha m'zigongono, m'khosi mutada, m'khwapa muli mchere wa thukuta. Chaka choyamba anati ndi njenjete. Koma ndi njenjete yanji imene imadya chigongono chakumanja chokha, pamalo enieni pamene Einar ankagwera? Ndipo njenjete situluka thukuta. Stefania anachita mantha mpaka kulephera kudya masiku awiri. Kenako anatenga singano, n'kuikapo chigamba, n'kukhala chete. Chaka chotsatira chigamba chomwecho anachipeza chitaperepeseka.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa naye zimenezi, Ovila Lachapelle, wosamalira ayezi, nkhalamba yoonda imene ikakwiya inkatukwana m'Chifalansa. Tsiku lililonse lipenga la kumgodi likalira kuti masana akwana, Ovila amakhala atathira madzi otentha pa ayezi kuti asalale. Ankatseka zitseko zonse ndi loko n'kupita kukadya, Stefania nayenso n'kupita kwake. Pobwera thu koloko, Ovila ankapeza ayezi atalembekalembeka mizere ya nsapato zija za mipeni kunsi. Sanauze aliyense. Ankangothiranso madzi akung'ung'udza.

Masabata angapo juzi yachisanu ija, ya 11, itakwera, Ovila anaima pakhomo pa kachipinda kaja atagwira ndowa.

"Mayi Holowaty, tabwerani mudzaone zimene anyamata anu andichitira lero."

"Anyamata anga? Ndinawabereka ine?"

"Mumawaveka ndinu. Tiyeni."

Anaima limodzi m'mbali mwa bwalo. Ovila analoza ndi chibwano.

"Kale ankangozungulirazungulira ngati ana osochera. Tsopano taonani, akupatsirana. Oteteza awiri, akutsogolo atatu. Inu munapita kusukulu, werengani."

"Ndinalekeza giredi 4, nkhalamba iwe."

"Ngakhale wa giredi 1 amadziwa kuti timu imakhala ya anthu asanu ndi mmodzi."

Mizere yonse inkathera ku golo limodzi. Ukonde unali utatupa kumbuyo ndi kumenyedwa. Koma patsogolo pa gololo, pamene goloboyi amaima, panali posalala ngati mbale, opanda ndi kamzere komwe.

"Tseka pakamwa pakopo, ukathire madzi," anatero Stefania.

Chimene chinamuopsa Stefania n'chakuti goloboyi anali naye kunyumba. Mwamuna wake Myron anali atafa kalekale ndi fumbi la mumgodi, n'kumusiyira mwana mmodzi yekha, Taras. Taras ameneyu anali goloboyi amene Harlow Lake sinadzaonenso wina wonga iye. Masiku amenewo agoloboyi ankaima nkhope ili pamtunda, yopanda chotchinga chilichonse. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Febuluwale 1958, kampira kakuda kaja, kouma ngati mwala, kanamumenya pafupi ndi khutu lakumanzere, ndipo anagona chikomokere masabata awiri. Atatsitsimuka thupi linali lomwelo, koma mwini wake anatsala theka. Ankadya, ankameta ndevu, ankawaza nkhuni, koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena n'kusochera panjira.

Chimene sanaiwale ndi hoke. Chipale chofewa chikayamba kugwa nyengo yozizira, ankatulutsa zikopa zake zotchingira miyendo n'kuzipaka mafuta.

"Amayi... kochi... wandiitana?"

"Sanakuitane, Taras."

"Mwina... mawa."

Madzulo aliwonse ankapita kubwalo n'kukhala kumapeto kwa benchi, atavala jekete, kudikira. Osewera atsopano ankayamba ndi kumuseka, kenako kumumvera chisoni, kenako kumuzolowera ngati mzati.

Chichokereni tsiku la Ovila lija, Stefania anadziikira lamulo: nambala 1 isakhale yopanda msana. Goloboyi aliyense watsopano ankamusokera 1, afune asafune. Juzi yeniyeni ya Taras, ya banga la magazi pakolala, anaibisa pansi penipeni pa bokosi la nsalu za ukwati wake. Nambala imene ili pamsana pa munthu wosewera sangaikweze kudenga. Nzeru yake inali imeneyo, ndipo inagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu.

Mu 1977 timu inagula goloboyi wa ku Toronto, tsitsi mpaka m'mapewa, amene ananena poyera kuti 1 ndi nambala ya madala, iye akufuna 30 ngati anzake a m'matimu akuluakulu. Stefania anamunyengerera, anamuphikira mpaka nsomba ndi mbatata za kachewere, mnyamatayo n'kudya bwinobwino, kupukuta pakamwa, n'kunenanso kuti 30. Manijala wa timu anamulola. Manijalayo anali Murdoch Kinnear, munthu wabwino mtima, ndipo palibe anthu ovuta kuwakaniza ngati abwino mtima.

Anabwera kukachipinda kaja m'mawa wina atagwira chipewa kumanja.

"Mayi Holowaty, ndabwera ndi nkhani yabwino."

"Mukanakhala ndi yabwino simukanavula chipewa. Nenani."

"Nambala 1 tsopano ilibe mwini. Komiti yagwirizana kuti tiikweze kudenga, ukhale ulemu wa Taras."

Singano inagwa pakamwa pa Stefania n'kulira pansi.

"Taras ali moyo."

"Ndiye ubwino wake umenewo. Tatopa nako kulemekeza anthu amene sangamve kuomba m'manja. Matimu akuluakulu onse amakweza za amoyo."

"Matimu akuluakulu si Harlow Lake. Kudenga kuja kuli akufa okhaokha, Bambo Kinnear. Mukufuna kumuimika mwana wanga pamzere wa akufa?"

"Mayi, ndi nsalu chabe."

"Nsalu chabe? Khalani pansi."

Ndipo chimene anachisunga zaka makumi anayi ndi zinayi anachikhuthula chonse: zigongono, thukuta, zigamba, golo lopanda munthu. Kinnear anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako anayang'ana ng'anjo ija, n'kunena kuti kachipindako kakutentha kwambiri, auza komiti iikemo zenera, ndipo mwina mayi apumuleko sabata imodzi. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, koma tsiku limenelo palibe amene anamumvera wamisalayo. Ovila atafunsidwa anangoti iye ntchito yake ndi madzi. Ankaopa kutchedwa wopenga atakalamba kale, ndipo Stefania sanamulankhule mwezi wathunthu.

Stefania anakana kusoka juzi yatsopano yoti ikwezedwe, ndipo yakale anati inasowa. Ankaganiza kuti watseka zitseko zonse. Chitseko chimene anaiwala ndi Taras mwini wake. Nkhani anaimvera pabenchi paja, ndipo anaimva mwa njira yake. Anafika kunyumba nkhope ikuwala.

"Amayi... andiitana."

M'mawa mwake, mayi ake ali kuntchito, anatsegula bokosi lija. Nsalu za ukwati anaziyala bwinobwino pabedi, n'kutenga juzi yake, kuikulunga m'nyuzipepala n'kukaipereka yekha m'manja mwa Kinnear. Zaka zonsezo ankadziwa pamene inali.

Mwambo unachitika Lamlungu masana, mu Novembala. Tauni yonse inabwera. Anayala kapeti yofiira pa ayezi, wansembe anapemphera, Kinnear anawerenga pepala lake, Taras ataima pakati atavala suti ya malemu bambo ake. Chingwe chitayamba kukokedwa, juzi inakwera pang'onopang'ono, mikono ili lendelende. M'bwalo lija simulowa mphepo, mazenera ake anakhomedwa kalekale. Koma Stefania anaona ndi maso ake 3 ndi 5 zikusendera uku ndi uku, monga amachitira anthu popatsa mnzawo malo pabenchi. Anthu ankaomba m'manja maso ali pa Taras. Taras yekha maso anali kumwamba. Anakweza dzanja n'kugwedeza mutu, ngati munthu amene walowa m'chipinda chovalira n'kupeza anzake atafika kale. Kuseri kwa golo Ovila anachita chizindikiro cha mtanda.

Lolemba lipenga la kumgodi litalira, Taras anasiya supu patebulo n'kupita kukagona. Chibadwire sanagonepo masana. Anadzuka thu koloko malaya atanyoweratu ndi thukuta, n'kudya mbale zitatu. Kenako anatsamira mpando n'kuyamba kulankhula, mawu akuyenda motsatizana ngati a munthu amene sanavulalepo.

"Einar uja ndi wachinyengo, Amayi. Amakuyang'ana kumanzere n'kumenya kumanja. Ndiye amaimba likhweru pa dzino lothyoka lija, mpaka kukunyansa. Ndamugwirira mipira inayi lero, watukwana."

Anaseka. Stefania anagwira m'mphepete mwa tebulo. Einar anafa Taras asanabadwe, ndipo pa chithunzi chake chimene chili kubwalo anatseka pakamwa. Za dzino lija ankadziwa ndi Stefania, amene anamuyeza mapewa ali mtsikana, Einar akumuimbira likhweru pafupi ndi khutu kuti achite manyazi.

Kunena zoona, Stefania anasangalala. Tisabise. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali asanamve kuseka kwa mwana wake, ndipo tsopano kunali kudzaza khitchini. Madzulo amenewo anacheza ngati anthu, za Myron, za oyandikana nawo, za denga lodontha. Chimwemwe ndi mantha zinakhala pampando umodzi mumtima mwake, ndipo ankadzida chifukwa cha chimwemwecho.

Ovila anayamba yekha kumulankhula. "Pagolo paja tsopano pakumbika, Mayi Holowaty," anatero, maso ali m'ndowa.

Mu Disembala Taras ankadzuka folo koloko. Mu Januwale ankadzuka kutada kale, ndipo mbale zitatu zija zinakhala imodzi, kenako theka. M'miyendo ndi m'nthiti munatuluka mikwingwirima yobiriwira, munthu wosachoka pabedi. Lamba wa thalauza anabooledwa kawiri. Dokotala anabwera, n'kumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kumukokera Stefania kukhitchini.

"Mtima wake watopa ngati wa hatchi yokoka mitengo. Kodi amagwira ntchito yanji?"

"Amagona."

"Mayi, ine sindikuseka. Chimene akuchitacho, kaya n'chiyani, akapitiriza sadzaona ayezi akusungunuka chaka chino."

M'mawa mwake Stefania anamupeza Ovila akunola chopalira ayezi.

"Undibwereke kiyi."

"Wa chiyani?"

"Wa chitseko cham'mbali. Masana ano."

Ovila anasiya kunola. "Ine zaka makumi atatu sindinapondemo nthawi imeneyo."

"Sindinakupemphe kuti upondemo. Ndati kiyi."

Lipenga litalira, Taras atatseka chitseko cha kuchipinda kwake, Stefania anavala chikhoti n'kuyenda m'chipale mpaka kubwalo. Kunja dzuwa linali mbee, ana akusewera kutsogolo kwa sitolo. Anatsegula loko n'kulowa.

Magetsi anali ozima. Kuwala kunkalowa kotuwa pamazenera akumwamba aja. Pa ayezi panalibe munthu, koma phokoso linali lonse: mipeni ya nsapato ikudula ayezi, ndodo zikugundana, matabwa am'mbali akulira ngati wina wakankhidwirapo. Mizere inkajambulika yokha pamaso pake, kukhota, kuima, tinyenyeswa ta ayezi n'kuwazika. Kutali kumapeto wina ankaimba likhweru. Tsitsi lonse linamuimirira, koma anayenda atatsamira khoma mpaka pamene zingwe zimamangidwa. Zinali zisanu ndi chimodzi. Zisanu zinali zakuda ndi manja a anthu, chimodzi choyera.

Anamasula choyeracho. Juzi itayamba kutsika, phokoso linayamba kutha, nsapato imodziimodzi, mpaka likhweru linadukira pakati. M'bwalo monse munangoti zii. Stefania sanaone kanthu, koma anadziwa kuti amuna asanu aima akumuyang'ana. Onse anawayezapo mapewa, choncho analankhula nawo monga ankalankhulira ali moyo.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukusokerani, ndi zikomo yemwe ayi. Sindinadandaule. Koma uyu yekha mundisiyire."

Anapitiriza kutsitsa. Juzi inafika m'manja mwake ili yofunda, ngati yongovulidwa kumene. Anaiika m'kati mwa chikhoti n'kutuluka osacheuka.

Kunyumba anapeza Taras atakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, manja ali pamawondo. Nkhope inali yakale ija, ya pabenchi.

"Amayi... andi... chotsa." Anafunafuna mawu ena. "Ndalakwa... chiyani?"

"Sunalakwe kanthu. Bwera udzadye."

Ndipo zinayenda monga Stefania ankafunira. Taras analeka kugona masana. Mikwingwirima inazilala. Dokotala anabweranso, n'kunena kuti mtima wapuma, n'kudziyamikira yekha chifukwa cha timapiritsi take. Kinnear atafunsa za juzi, Stefania anati akuichapa, ndipo Kinnear poopa pakamwa pake sanafunsenso. Taras ankadya chimene wamuikira. Kubwalo analeka kupita. Za kochi analeka kufunsa. Zikopa zake za m'miyendo zinakhala pakona mpaka zinauma.

Tsiku lachisanu chitsitsireni juzi ija, lipenga litalira, Stefania anatembenuka kuchokera pachitofu n'kupeza Taras ataima pakhomo la khitchini, pakati pa mafelemu awiri. Anali atapinda mawondo, msana atawerama, manja atatambasula, maso ali tong'o kutsogolo. Misozi inkatsika mpaka m'kolala, iye osaphethira. Mwamuna wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wa imvi m'mbali, ataima pagolo la m'nyumba kudikira mpira umene sukubwera. Anamuitana, sanamve. Anamukoka mkono, unali wouma ngati mtengo. Anaima choncho mpaka thu koloko, kenako anawongoka n'kukakhala pampando kuyang'ana khoma. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

Stefania anapirira masabata awiri. Mwana wamoyo anali naye, monga anapemphera. Akanatha kukhala naye zaka zina makumi awiri, kumuphikira, kumumeta tsitsi, kumuona ataima pakhomo paja masana aliwonse. Kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti kodi akumusungira ndani, ndipo yankho lake linamuchititsa manyazi. Ankaopa kutsala yekha.

M'mawa wina anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye, mawondo kugundana.

"Taras, tandiyang'ana. Ukudziwa kuti ukabwerera kumene kuja sudzakhalitsa?"

Anatenga nthawi. Stefania anadikira, monga anazolowera.

"Ndi... kudziwa."

"Ndiye ukufuna chiyani, mwana wanga? Undiuze iwe, osati dokotala, osati Kinnear."

Taras anatsegula pakamwa n'kutseka, kutsegulanso. Thukuta linatuluka pachipumi ngati akunyamula chimwala.

"Kuno... ndima... dikira. Uko... amandi... funa."

Stefania anagwedeza mutu. Sanalire. Anamupukuta chipumi ndi epuloni, n'kuimirira n'kuvala chikhoti.

Kubwalo anapeza Ovila akukonzekera kuthira madzi. Nkhalambayo inaona chimene chinatuluka m'chikhoti, n'kuika ndowa pansi.

"Mwaganiza bwino, Mayi Holowaty?"

"Sindinaganize bwino. Ndaganiza basi."

"Bweretsani, ndikukokereni. Chingwechi chimadya manja."

"Choka. Ndinamubereka ndekha."

Anakoleka juzi pa kamtengo kake, kuwongola mapewa, n'kuyamba kukoka. Potsitsa inali yopepuka. Pokweza inalemera ngati muli munthu. Anakoka, kupuma, kukokanso, chingwe chikumusupula m'manja, Ovila ataima pambali chipewa chili pachifuwa. Itafika pamzere wa zinzake anamanga mfundo kawiri n'kubwerera kunyumba mofulumira, kuti masana amupeze ali konko.

Anali akuvula chikhoti pamene lipenga linalira. Taras anadzutsa mutu ngati munthu amene wamva dzina lake. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana zikhatho zawo zosupukazo.

"Pita ukagone," anatero Stefania.

Taras anaimirira. Atafika pakhomo la kuchipinda anatembenuka, ndipo mawu anatuluka athunthu, osadukiza.

"Mudzandidzutsa, Amayi?"

"Ayi, mwana wanga. Ukasewere mpaka mpira uthe."

Anamutsatira kuchipinda. Anagwada n'kumumasula zingwe za nsapato, monga ankachitira ali mwana, n'kumufunditsa bulangete mpaka m'khosi. Asanafike ndi pachitseko pomwe, Taras anali atagona kale, zala zakumanja zitakunga ngati zagwira ndodo. Stefania anatseka chitseko mosapokosera.

Kukhitchini supu anali atawira. Anatsitsa mbale ziwiri pashelefu mwachizolowezi, n'kuziika patebulo. Anaima nthawi yaitali akuziyang'ana, kenako imodzi anaibweza.